Chauta Analakwa Chiyani pa Gome?

M'mudzi umodzi wa m'chigawo chapakati cha Malawi, kapenanso kutsidya kwa malire ku Katete ndi ku Angónia, Mulungu mmodzi amatha kuitanidwa ndi mayina atatu m'mawa umodzi wa Lamulungu. Ku tchalitchi cha njerwa zootcha, kumene belu lake ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa mu mtengo, mkulu wa mpingo amatsegula Buku Lopatulika n'kuwerenga za Yehova. Kumtunda kwa dambo, katekisiti wokalamba amene sanataye Malembo Oyera ake akali kunena za Yahve. Pakati pa awiriwa pali Buku Loyera, limene linatuluka m'chaka cha 1998 kuti likhale la onse, ndipo m'menemo dzina lomwelo linalembedwa kuti Chauta. Mwa mayina atatuwa, awiri anachita kubwera ndi sitima ya pamadzi. Limodzi lokha ndilo linabadwira konkuno, ndipo lomweli ndi limene limaimitsidwa pakhomo la tchalitchi kuti lionetse kalata ya ubatizo.

Mlandu wake umanenedwa m'misonkhano ya akulu a mpingo, m'makalasi a ofuna ubatizo, ngakhalenso pa siwa anthu akamacheza usiku. Akuti Chauta ndi wa kuthengo. Akuti ndi wa kwa Makewana ku Msinja, wa anthu opempha mvula ndi nsembe za ufa ndi mowa wamasese, motero sayenera kukwera pa gome. Owerenga ena akapatsidwa Buku Loyera, pofika pa dzinali amalumpha ngati aponda khala la moto, n'kuikapo Yehova wa pamtima. Ena bukulo salikhudza n'komwe. Limangokhala m'kabati pamodzi ndi makaundula akale, njenjete n'kumalidya. Mlandu umenewu ndi wabodza. Ndipo kuseri kwake kwabisala matenda aakulu kuposa nkhani ya dzina, matenda okhulupirira kuti mawu akakhala osamveka ndiye kuti ndi oyera.

Mbiri iyenera kupatsidwa ulemu wake. Robert Laws anamasulira Uthenga wa Marko m'chaka cha 1884, ndipo pofika 1886 Chipangano Chatsopano chake chinali chitasindikizidwa. Ku Likoma, William Percival Johnson anatsiriza Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja mu 1912. Koma buku limene linadzalamulira magome ndi lija amishoni a mipingo ingapo anagwirizana m'chaka cha 1900 kuti alimasulire pamodzi. Mtolo waukulu anausenza William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Mvera, mothandizidwa ndi aphunzitsi a konkuno amene mayina awo saoneka pachikuto, ndipo bukulo linatuluka lathunthu mu 1922. Akatolika anadikira mpaka 1966 pamene Malembo Oyera, ntchito ya Bambo Louis Villy, anatuluka. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican utalola zinenero za anthu pa Misa mu 1963, ndiponso utalimbikitsa mu 1965 kuti Akatolika azimasulira Malembo pamodzi ndi Akhristu a mipingo ina, njira ya Buku Loyera inatseguka. Omasulira ake anali Amalawi a mipingo yosiyana, ndipo mlangizi wawo, Ernst Wendland, analemba mu 1992 m'magazini ya The Bible Translator kulongosola chifukwa chake gululo linasankha Chauta. Palibe amene anganene kuti dzinali linalowa usiku podzera pawindo.

Nanga Yehova amene akumuikira kumbuyoyo anachokera kuti? M'Chihebri dzina la Mulungu wa Israele limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo limapezeka pafupifupi ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Yesu asanabadwe, Ayuda anali ataleka kale kulitchula poopa kulidetsa. Akafika pamene lalembedwa ankanena kuti Adonai, kutanthauza Mbuye. Patapita zaka mazana angapo, alembi achiyuda atayamba kuika timadontho tosonyeza mavawelo m'mipukutu yawo, pa zilembo zinayizi anaikapo mavawelo a Adonai, kuti wowerenga akumbukire kusatchula dzinalo. Akhristu a ku Ulaya osadziwa mwambo umenewu anawerenga makonsonanti a liwu lina ndi mavawelo a liwu lina ngati liwu limodzi, n'kubala Jehovah. William Tyndale analilowetsa m'Baibulo la Chingerezi mu 1530, ndipo kuchokera kumeneko linawoloka nyanja mpaka kufika pa phiri la Mvera litavala malaya a Chinyanja. Mose sanalimvepo dzinali. Davide sanaliimbepo. Ndi mwana wa kulakwitsa kuwerenga, ndipo ngakhale kulakwitsako kunali kwa anthu oopa Mulungu, kukalamba kwake sikukusandutsa vumbulutso. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba m'sukulu ya ubusa amazidziwa zimenezi. Chomvetsa chisoni n'chakuti akadzavala kolala amaziiwala, kapena amaopa kuzinena pamaso pa akulu a mpingo amene amamupatsa chimanga.

Odana ndi Chauta akadakhala anthu osunga mfundo imodzi, akadayamba ndi kusesa Buku Lopatulika lomwelo. Nyumba imene Solomo anamanga ku Yerusalemu bukuli limaitcha Kachisi. Kodi kachisi pa Chichewa n'chiyani, ngati si kanyumba kaja ka udzu ka patsinde pa msolo kumene makolo ankalankhula ndi mizimu? Nsembe si liwu lochokera ku Scotland; ndi ufa uja ndi mowa uja zimene akuzinyoza. Wansembe ndi amene ankathira. Mzimu, liwu limene lero limanyamula dzina la Mzimu Woyera, linali la akufa amene amabwera kutulo kudzadandaula kuti aiwalidwa. Chisomo, chimene alaliki amachitchula kakhumi mu ulaliki umodzi, pamudzi chinkanena za mwayi wa munthu wokopa anzake, amene aliyense amangomukonda popanda chifukwa, ndipo Akatolika pochiona chopelewera anasankha chaulere. Ngakhale Mulungu weniweniyo silinali dzina lobwera ndi mishoni. Amishoni analipeza, monga anapezera Namalenga, Mphambe, Leza ndi Chisumphi. Murray ndi anzake analowa m'nkhokwe ya mawu a chipembedzo cha makolo natapa mosaopa. Adzukulu awo a muuzimu akudya nsima ya ufa womwewo uku akutukwana nkhokwe.

Ndiye pali nkhani ya kumpoto, imene yokha ikadatha kutseka mlanduwu. Mpingo wa CCAP unapangidwa mu 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, ndipo Nkhoma analowamo mu 1926. M'mapemphero a Chitumbuka, ku Ekwendeni, ku Embangweni ndi ku Khondowe, dzina la tsiku ndi tsiku la Mulungu ndi Chiuta. Ana amabatizidwa m'dzina limeneli, akufa amaikidwa nalo, ndipo palibe amene anaimikidwapo pa bwalo la mpingo chifukwa cholitchula. Chiuta ndi Chauta ndi mapasa. Zingatheke bwanji kuti dzina likhale loyera pa Jenda kupita kumpoto, koma likangowoloka kulowa ku Kasungu lisanduke lachikunja?

Malembo enieniwo sali kumbali ya amanthawa. El, liwu limene lili m'kati mwa mayina monga Israele ndi Betele, linali dzina la mulungu wamkulu wa Akanani, monga zikuonekera pa mapale a dongo amene anayamba kufukulidwa ku Ugarit, m'dziko la Syria, mu 1929. Pa Genesis 14, Melkizedeki, mfumu ya Chikanani, amadalitsa Abramu m'dzina la El Elyon, ndipo Abramu sakana dalitsolo. Amalumbira pa dzina lomwelo nalilumikiza ndi la Mulungu wake. Olemba Chipangano Chatsopano anatenga Theos, liwu limene Agriki ankaitanira Zeus ndi anzake. Paulo ku Atene anayambira ulaliki wake pa guwa lachikunja, natchulanso alakatuli a eni mzinda. Liwu la Chingerezi lakuti God, limene ena amaliona ngati lotsika kumwamba, linali la mafuko a ku Ulaya opembedza m'nkhalango asanamve za Khristu. Ndipo mkangano wa Chauta suli wachilendo m'chigawo chino cha Africa. Ku Natal, Episkopi John Colenso anaikira kumbuyo uNkulunkulu pamene amishoni ena ankakonda uThixo, liwu lobwereka kwa anansi, ndipo Henry Callaway ankatsutsa kuti uNkulunkulu anali kholo loyamba chabe. Lero Mzulu wopemphera sakumbukanso kuti panali mlandu.

Koma chifukwa chachikulu chokondera Chauta si chakuti ena anachitanso zomwezo. N'chakuti dzinali limachititsa Malembo kugunda pamtima pa womvera, pamalo pamene Yehova sangafike. Chauta ndi Mwini uta, Wamkulu wa uta, ndipo uta wake umaoneka m'mitambo mvula ikamakata. Utawaleza ndi liwu la banja lomwelo. Tsono pa Genesis 9, chigumula chitatha, chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi zamoyo zonse chimatchedwa ndi liwu la Chihebri lakuti qeshet, limene ndi uta weniweni wa mlenje ndi wankhondo. Mulungu amapachika chida chake m'mitambo, ngati munthu wobwera ku nkhondo amene wapachika uta patsindwi kusonyeza kuti sadzaukokanso. Mngerezi amafuna buku la ndemanga kuti aone zimenezi. Mchewa wa ku Dzalanyama safuna ndemanga. Chithunzicho chili kale m'dzina limene agogo ake ankalitchula.

Ndipo ku Dzalanyama komweko kuli Kaphirintiwa, kumene nthano ya makolo, imene Matthew Schoffeleers ndi ena anailemba, imati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndi nyama zonse, mapazi awo n'kudinda pathanthwe likali lofewa. Ankakhala pamodzi mumtendere kufikira tsiku limene munthu anapekesa moto. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nasiya mawu akuti munthu adzafa. Nthano imeneyi ndi funso limene mtundu wonse unasenza kwa mibadwo: kodi Iye amene anachoka chifukwa cha moto wa anthu adzabweranso? Mlaliki wa pa Khrisimasi amene Baibulo lake likunena za Chauta ali ndi yankho m'manja, pakuti uthenga wa tsikulo ndi wakuti wochokayo watsikanso, ndipo wagona modyera ng'ombe pakati pa nyama zomwe zija. Mlaliki wa Yehova amalalika za Mulungu wa mtundu wina amene anachezera mtundu wina, ndipo funso la Kaphirintiwa limatsala panja pa tchalitchi, losayankhidwa, likudikira sing'anga. Abusa amene amadandaula kuti Akhristu awo amapemphera masana n'kukaombeza usiku ayenera kudzifunsa kuti ndani anatsekera funsolo panja.

Zotsutsa zolemera zilipo, ndipo sizichokera kwa amantha. Okot p'Bitek wa ku Uganda anadzudzula akatswiri a zaumulungu a mu Africa kuti ankaveka milungu ya makolo mikanjo ya Agriki kuti ioneke yaulemu pamaso pa Azungu. Dora Mbuwayesango wa ku Zimbabwe analemba kuti Mwari wa Ashona atalowetsedwa m'Baibulo anasandutsidwa mulungu wa Ahebri, eni ake n'kulandidwa ufulu womulongosola. Mwa kuganiza kotere, kuika Chauta m'Baibulo si kumulemekeza koma kumugwira ukapolo. Chenjezoli ndi loona, ndipo aliyense wonena kuti Chauta wa ku Msinja ndi YHWH wa pa Sinai ndi ofanana m'zonse akunama. Koma Musa Dube wa ku Botswana anaonetsa mu 1999 ngozi yoopsa kuposa imeneyi: Baibulo lina la Setswana linatenga liwu lakuti badimo, mizimu ya makolo, n'kuliika pamalo pa ziwanda zimene Yesu ankatulutsa. Liwu lopatulika la mtundu likakanidwa malo kumbali ya kuwala, silikhala pakati. Limakankhidwira kumbali ya mdima. Mkulu wa mpingo amene amalumpha Chauta powerenga akuphunzitsa ana, popanda kunena, kuti makolo awo onse ankaitana chiwanda pamene ankalira mvula. Ndiponso pali kusiyana pakati pa mlendo wolanda dzina ndi eni dzina amene asankha okha kulibweretsa kumene akupemphera. Omasulira Buku Loyera sanali alendo.

Chotsutsa china chinachokera ku Rome. Pa 29 June 2008, nthambi yoona za mapemphero, motsogozedwa ndi Kadinala Francis Arinze, inalamula kuti dzina la zilembo zinayi lisamatchulidwe pa Misa, ndipo kuti omasulira aziika liwu lofanana ndi Adonai kapena Kyrios. Lamuloli linatseka pakamwa pa Yahve, ndipo ena amati linakhudzanso Chauta, pakuti liwu lofanana ndi Kyrios pa Chichewa ndi Ambuye. Apa m'pofunika kudekha. Ambuye ndi liwu lotanganidwa kale. Limanena za agogo m'madera ena, linkanena za mwini kapolo, limanena za Yesu, ndipo m'maparishi limanenanso za aepiskopi akabwera kudzalimbitsa ana. Salimo 110 limayamba ndi YHWH akulankhula kwa mbuye wa wamasalimo. Onse awiri akakhala Ambuye, womvera wa pa benchi, amene saona zilembo zazikulu zimene Angerezi amasiyanitsira, sadziwa amene akulankhula ndi amene akumva. Chauta satchula dzina loletsedwalo. Amachita zimene Ayuda ankachita, kuliphimba ndi dzina lina laulemu limene anthu akulidziwa. Ndipo kuyambira mu 2017, pamene Papa Francis anabwezera kwa mabungwe a aepiskopi mphamvu zambiri pa nkhani ya kumasulira mapemphero, palibe amene angabisale kumbuyo kwa Rome. Kadinala Arinze mwiniwake, amene analemba buku lonena za nsembe m'chipembedzo cha Aigbo, anakulira pakati pa Akhristu otchula Chukwu ndi Chineke.

Dzinali ndi nsonga chabe ya nkhani. Tsinde lake ndi khutu. Pa parishi Baibulo ndi buku lomvedwa, osati lowerengedwa. Ambiri mwa okhala pa mabenchi ndi pa mphasa alibe lawo, ena maso anafooka, ena sukulu anailekera panjira, ndipo Mawu amawafika kamodzi pa mlungu kudzera pakamwa pa munthu mmodzi. Chimene chaphonya khutu pa mphindi imeneyo chaphonya mlungu wonse. Buku la 1922 linatsata kamangidwe ka ziganizo za Chihebri ndi Chigriki mokhulupirika kwambiri, kotero kuti vesi ndi vesi limayamba ndi liwu lakuti ndipo, ndipo ziganizo za Paulo zimayenda mtunda wautali osapuma mpaka womvera kuiwala kumene zinayambira. Pa ukwati wa ku Kana, bukuli limachititsa Yesu kuitana amayi ake kuti Mkazi. M'Chigriki liwulo silinali lachipongwe. Pa Chichewa, mwana woitana mayi ake motero pamaso pa anthu aukwati ndiye kuti waitanitsa bwalo. Buku Loyera linaika Mai, ndipo pochita zimenezi linasunga tanthauzo limene kukhulupirika kwa liwu ndi liwu kunataya. Kumasulira kumene kumasandutsa Yesu mwana wamwano sikungatchedwe kokhulupirika.

Ndani amapindula Mawu akakhala mu nkhungu? Si agogo a pa mphasa. Ndi uja woimirira pa gome, pakuti mpingo umene sunamve kuwerenga sungathe kuyesa ulaliki. Mlaliki amawerenga vesi limodzi, n'kutseka buku, n'kuyamba ulendo wake wa ola lathunthu, ndipo palibe womufunsa kuti mavesi oyandikana nalo akuti chiyani. Kumene mlaliki amadzisankhira yekha powerenga, Malaki 3 ndi nkhani ya chakhumi zimabwera kawirikawiri ngati mvula ya mu Januwale, pamene Amosi, amene anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi kupotoza sikelo, amamveka mwa kamodzikamodzi. Komatu pa benchi pomwepo pakhala mlimi amene dzulo lake wagulitsa soya pa sikelo ya venda, ndipo kutsogolo kwake, pa mpando wa olemekezeka, pakhala mwini sikeloyo. Amosi atawerengedwa m'Chichewa cha pamsika, momveka ndi mosathamanga, tchalitchicho chikhoza kutentha. Kumene kuli ndondomeko ya mawerengo a zaka zitatu, imene Akatolika anayamba kutsata itakhazikitsidwa mu 1969, aneneri salumphidwa, koma kumenekonso amaphedwa mwa njira ina. Kwaya imaphunzira nyimbo katatu pa mlungu. Wowerenga amasankhidwa pakhomo belu litalira kale, n'kukagwa m'mayina a mafumu a Yuda pamaso pa mpingo wonse, chokuzira mawu chikulira ngati njuchi.

Malembo ali ndi chithunzi cha mmene ziyenera kukhalira. Pa Nehemiya 8, Ezara amawerenga Malamulo pabwalo kuyambira m'mawa mpaka masana, Alevi n'kumayenda pakati pa anthu kulongosola kuti aliyense amve, ndipo anthuwo atamva amalira misozi. Ku Nazarete, pa Luka 4, Yesu amawerenga Yesaya, nalongosola, ndipo anthu a kwawo amafuna kumuponya kuphompho. M'nkhani zonse ziwirizi Mawu anamveka, ndipo atamveka panachitika kanthu. Paulo polembera Akorinto anati mu mpingo mawu asanu omveka aposa zikwi khumi osamveka. Malawi ali ndi umboni wakewake. Pa 8 March 1992, kalata ya aepiskopi a Katolika inawerengedwa m'maparishi onse. Makope ambiri anali a Chichewa, ena a Chitumbuka, ochepa a Chingerezi. Inanena za malipiro ochepa, za zipatala ndi sukulu, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha olankhula. Zonsezi anthu ankazidziwa kale. Chatsopano chinali kuzimva pa gome, mokweza, m'mawu amene mayi wogulitsa mandasi sanafune womumasulira. Boma linati kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 June 1993 anthu anavota pa referendamu. Olamulira a nthawi imeneyo anamvetsa mphamvu ya Chichewa chomveka kuposa mmene abusa ena akuimvetsera lero.

Kumatauni matendawa avala suti. Mapemphero a Chingerezi amatengedwa ngati a anthu ozindikira, a Chichewa ngati a otsalira, ndipo kwabuka mtundu wa mlaliki amene anayamwa Chichewa kubere koma amalalika m'Chingerezi kwa mpingo wa Achewa okhaokha, mnzake n'kumathamanga pambuyo pake kumasulira. Ulaliki umatenga nthawi yowirikiza, tanthauzo n'kufika litatheka pakati. Mlaliki wotere amadziwa chimene akuchita. Wapeza Chilatini chatsopano.

Pali anthu amene nkhani ino siyenera kuwapweteka. Gogo amene analoweza Salimo 23 ndi Salimo 121 m'mawu a 1922, amene anaika mwamuna wake ndi ana ake atatu ndi mawu omwewo, sakulakwa kuwakonda. Kwa iye Yehova si kulakwitsa kwa akatswiri a ku Ulaya; ndi dzina limene analiitana usiku kuchipatala ndipo linamutonthoza. Pa manda ake pawerengedwe buku lake. Buku Lopatulika linaumba Chichewa cholembedwa kuposa buku lina lililonse, linagwirizanitsa olankhula chinenerochi kuyambira ku Chipata mpaka m'migodi ya ku Zimbabwe, ndipo lili ndi malo ena amene kulemera kwa mawu ake sikunapitiriridwe. Nalonso Buku Loyera lili ndi zilema. Potsata nzeru za Eugene Nida zomasulira tanthauzo m'malo mwa liwu, nthawi zina limatafunira womvera chakudya chimene mlembi anafuna kuti adzitafunire yekha, ndipo ndakatulo yofupika ya Chihebri imatuluka itatalika. Lakwanitsa kale zaka zoposa 25, ndipo tsiku lake lokonzedwanso lidzafika. Oikira kumbuyo buku lakale amakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Akoma ndithu, kwa amene anawamva. Koma mwana wobadwa mu 2010, amene Chichewa chake ndi cha pa wailesi ndi pa minibasi, sanawamve. Akungomva kulira kwake. Kumukakamiza chinenero cha agogo a agogo ake monga khomo lokhalo lofikira kwa Mulungu ndi kumuuza kuti Mulunguyo anasiya kuphunzira Chichewa zaka zana zapitazo.

Ophunzira a m'masukulu a ukachenjede, amene amawerenga masamba ngati ano, asafulumire kuseka akulu a mpingo, kuopa kukhala anyani osekana zikundu. Lamin Sanneh analemba mu 1989 kuti mphamvu ya Chikhristu ili m'kumasulirika kwake, Kwame Bediako anatsindika za chinenero cha kubere, ndipo mayina awowa amatchulidwa m'misonkhano ya akatswiri chaka ndi chaka, m'Chingerezi. Mabuku a Kachere ku Zomba anachita ntchito yaikulu yosunga mbiri ya mipingo ya m'Malawi, koma ochuluka ali m'Chingerezi. Ngakhale buku la Episkopi Patrick Kalilombe la 1999 lonena za kuchita zaumulungu pakati pa anthu wamba, iye amene analimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, anthu wambawo sangaliwerenge. Wophunzira ubusa amasanthula Aroma m'Chingerezi kwa zaka zinayi, n'kutumizidwa kumudzi kukalalika m'Chichewa chimene sanachisanthulepo tsiku limodzi. Mtsogoleri wa mphakati kapena wa mlaga, amene amatsegula Baibulo pakhonde Lachinayi masana pakati pa amayi khumi ndi awiri, alibe buku la ndemanga lomuuza kuti Yehova anachokera kuti, kapena kuti qeshet ndi uta. Amene akudziwa zimenezi akulembera anzawo a ku Leiden ndi ku Edinburgh, chifukwa kumeneko n'kumene kumachokera kukwezedwa pa ntchito.

Mantha ali ndi mphamvu pa msika wa mabuku. Baibulo lina la Chichewa cha lero, la bungwe la Biblica, litatuluka lathunthu mu 2016, linasalaza ziganizo, linasintha mawu okalamba, koma pa dzina linabwerera kwa Yehova. Pakali pano Chauta akupitiriza ntchito yake kunja kwa mpanda. Ali m'nyimbo za makwaya, ali m'mauthenga a maliro, ali pakamwa pa mlimi woyang'ana kumwamba mu Novembala mbewu zili m'nthaka youma. Mkulu wa mpingo uja, amene m'mawa analumpha dzinali pa gome, madzulo amapita kukapepesa maliro kwa mnansi. Amavula chipewa, amakhala pansi pafupi ndi mwini maliro, amakhala chete kanthawi monga mwa mwambo, kenaka n'kunena motsitsa mawu kuti zonse adziwa ndi Chauta.